Akazi anga anamwalira koma akuyankhabe mafoni

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 54. Ndimakhala ku Kawale 2 ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ya misomali ndi utoto ku Malangalanga. Sindinalemberepo kalata ku nyuzipepala. Ndalemba chifukwa Loweruka lomaliza la mwezi uno kuli msonkhano, ndipo sindikudziwa ngati ndikakweze dzanja kapena ayi.

Akazi anga, a Keziah, anatisiya mu Juni 2005. Koma mawu awo inu mumawadziwa. Ngati foni yanu ili ya kampani ya Lankhulani, mwina mwawamva lero lomwe. Mayi amene amati, "Pepani, nambala yomwe mwaimbayi sikupezeka pakadali pano, yesaninso nthawi ina," ndi akazi anga.

Zinayamba mu 2001, kampaniyo ili yatsopano. Iwo ankakolopa ndi kuphika tiyi ku ofesi. Tsiku lina foni ya patebulo inalira wolandira alendo atatuluka, iwo n'kuiyankha chokolopera chili m'manja. Bwana wa zamakina atamva anati mawu amene ankafuna ndi amenewo. Anawalowetsa m'kachipinda kokhoma mabulangete m'makoma n'kuwabwerezetsa chiganizo chimodzicho maulendo khumi ndi awiri. Ndalama zowalipira kunalibe, choncho anawapatsa pepala la mizere yagolide m'mbali, lonena kuti ali ndi masheya 60,000. Anawauza kuti tsopano ndi mmodzi wa eni ake a kampani. M'mawa mwake anapitiriza kukolopa. Ankaseka kuti akukolopa m'nyumba mwawo.

Pepalalo tinaliika m'felemu pafupi ndi chithunzi chathu cha ukwati. Maliro atatha, alamu anga a Gwanda, achimwene awo a malemu, anabwera kuchokera ku Mitundu kudzagawa katundu. Anatenga mapoto, zitenje ndi wailesi ya kaseti. Pepala lija analigwira mozondotsa n'kunena kuti satifiketi ya kwaya andisiyire, ndiziwakumbukira nayo malemu. Sindinawatsutse.

Kuyambira pamenepo ndili ndi chizolowezi. Kakhadi ka m'foni yawo ndinakachotsa, kali m'kachitini ka mafuta odzola. M'mawa uliwonse pomwa tiyi ndimaimba nambala yawo, ndipo amayankha okha. Sizidya mayunitsi. Akanena "pepani" amapumira pang'ono, monga ankachitira akafuna kundiuza kuti shuga watha. Ndimamvetsera mpaka kumapeto, ndimadula, n'kupita kuntchito. Sindiwayankha, sindinapenge ayi. Mwana wathu Leah, amene ali pabanja ku Area 25, anasamutsira foni yake ku kampani ina maliro atangotha. Akuti iye sangapirire.

Vuto linayamba chaka chatha pamene kampani inagwa. Akuti mabwana anagula nsanja za netiweki zambiri pangongole, zina n'kukaziimika m'madambo momwe muli achule okhaokha. Khoti linaika anthu oti aziyang'anira zotsala. Nsanja zikuzima imodziimodzi, mafoni ambiri sakulowa, ndipo a Keziah akugwira ntchito kuposa mmene ankagwirira ali moyo. Lilongwe yense akuwamva, ndipo akuwatukwana. M'minibasi ya ku Chilinde mayi wina anakalipira foni yake kuti, "Mkazi iwe, ulibe ndiwo zoti ukaphike?" Kondakitala anawonjezera kuti mwamuna wa mayi wa pafoniyo ayenera kuti anathawa kalekale. Anthu onse anaseka. Ine ndinatsika pa siteji yotsatira n'kumaliza ulendo wapansi.

Eni masheya ang'onoang'ono a kuno tinapanga gulu. Timakumana Lamlungu masana pakhonde la a Abdullah, telala wa ku Biwi, amenenso ndi wapampando wathu. Iwowa anagulitsa makina osokera awiri mwa atatu omwe anali nawo kuti agule masheya. M'gulumu muli aphunzitsi opuma, amayi amene ankaimbitsa mafoni m'mbali mwa msewu, ndi bambo wina amene anabwera poganiza kuti ndi mpingo ndipo sanasiyebe kubwera. Timatsegula ndi mapemphero awiri, la Chisilamu ndi la Chikhristu, chifukwa a Abdullah akuti pamene zafikapa sitingagogode khomo limodzi.

Tsopano kwapezeka kampani ya kunja yofuna kugula zotsalazo. Akuti pa masheya akale 500 alionse adzapereka sheya imodzi yatsopano, ndipo mwini masheya aliyense adzalandira ambulera. Amayi oimbitsa mafoni akuti maambulera ali nawo kale, a kampani yomweyo, ndipo ndi okhawo amene sanagwe. Koma a Abdullah akuti akadzagulitsa masheya atsopanowo angawombole makina amodzi, ayambirenso kusoka mayunifolomu a sukulu. Kuti zitheke, eni masheya ayenera kuvomera pa msonkhano wa Lowerukawo, ndipo mabwana akale agawanika pakati. Titaonetsana mapepala, zinapezeka kuti a Keziah ali ndi masheya ambiri kuposa gulu lonse pamodzi. Kumene ndikaloze ine n'kumene nkhani ikagwere.

Ndinapita ku ofesi ya oyang'anira kukalembetsa. Kalaliki anati mwini masheya abwere yekha. Ndinamuonetsa kalata ya imfa, ndi ya kwa DC yondipatsa mphamvu pa katundu wa malemu. Anati fomu yake ilibe malo a zimenezo. Ili ndi mabokosi awiri okha: wabwera yekha, kapena walankhula pafoni. Ndinaimba nambala ija n'kumupatsa foni. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto n'kuchonga bokosi lachiwiri.

Potuluka ndinamufunsa za mawuwo. Anati ogulawo akubwera ndi makina awo, ndi mayi wawo wolankhula Chingerezi cha ku Joni, ndipo makina akale akagulitsidwa pa kilo kwa ogula zitsulo. Koma tikakana, nkhani ibwerera kukhoti, ndipo makina akalewo angakhale akugwirabe ntchito zaka zitatu kapena zinayi.

A Gwanda nawonso amva. Anafika sabata yatha atavala tayi. Akuti pepala lija ndi la ku banja lawo. Akutinso mlongo wawo sanagone, chifukwa akumugwiritsa ntchito popanda malipiro kapena tchuthi, ndiye kampani ipereke nkhuku pa mlandu umenewu ndi mbuzi pa kutukwanidwa. Akugona pabalaza panga mpaka msonkhano uchitike.

Lamlungu lapitali a Abdullah anandiperekeza mpaka pamsewu. Sadziwa kuti mayi wa pafoniyo ndi ndani, ndinangowauza kuti malemu ankagwira ntchito kumeneko. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, Loweruka timuchotse ntchito mayi wa pepani uja, tapepesedwa mokwana." Ndinaseka nawo.

Aphungu, ndikavomera ndiye kuti ndawazimitsa akazi anga ndi dzanja langa. Ndikakana, a Abdullah saonanso makina awo, ndipo ine ndizimwa tiyi ndi mawu olipiridwa ndi thukuta la anzanga. Ndichite chiyani?

G.M., Kawale, Lilongwe.

*

Bambo G.M.,

Ndiyambe ndi kuulula. Lachiwiri lapitali, pofuna kuimbira mkonzi wa nyuzipepala ino, ndinawauza akazi anu mawu amene sindingawalembe pano. Ndikupepesa kwa inu ndi kwa iwo. Zaka zisanu ndi chimodzi akhala akundipepesa, ine osabwezako ngakhale kamodzi.

Tsopano yankho: kavomereni.

Sindikunena izi chifukwa cha a Abdullah okha. Zaka zitatu kapena zinayi zimenezo wakulonjezani ndi munthu amene anachonga kuti womwalira walankhula pafoni. Mukumukhulupirira? Kampani imene nsanja zake zikuzima imodziimodzi, makina ake angathe kuzima Lachitatu lililonse, popanda msonkhano, popanda wokuuzani. Mukakana simusunga mawu a akazi anu. Mungopereka tsiku lowataya m'manja mwa munthu wodula magetsi, ndipo pamwamba pake mudzakhala mukuzemba msewu wa ku Biwi moyo wanu wonse.

Mawuwo mungathe kuwasunga mwanjira ina, ndipo muyambe mawa m'mawa. Bwerekani wailesi ya kaseti. Alamu anu ali nayo, ndipo nonse mukudziwa kumene anaipeza. Gulani makaseti awiri atsopano, tsekani mawindo, thamangitsani nkhuku, kwezani mawu a foni n'kujambula kangapo. Kaseti imodzi sungani inu. Inayo ikakhale kwa Leah ku Area 25, chifukwa makoswe a ku Kawale salemekeza maliro. Musamuumirize kuimvetsera. Tsiku lake lidzafika, mwina ana ake akadzafunsa kuti agogo awo ankalankhula bwanji.

Mukatero, lembani kalata kwa mkulu wa oyang'anira, osati kwa kalaliki uja, yopempha tepi yeniyeni ya 2001. Mwanena kuti anabwereza maulendo khumi ndi awiri. Lilongwe amadziwa ulendo umodzi wokha. M'kabati ina yafumbi muli maulendo enawo, mwina ndi kuseka kwawo pakatipakati, mwina akufunsa ngati angabwerere kukamaliza kukolopa. Kwa ogula zitsulo chimenecho n'chinyalala. Pitani nayo kalatayo nokha msonkhano usanafike, pamene aliyense akufuna dzanja lanu. Lolemba lake mudzakhala bambo wamba wonyamula ambulera, ndipo adzakuuzani kuti abwana atuluka.

Pa za masheya, musalote galimoto. Masheya 120 a kampani yongodzuka kumene m'manda samanga ngakhale bafa. Angadzakhale ndi phindu pakapita zaka, angadzagwenso. Chofunika n'chakuti alembedwe m'dzina lanu monga kalata ya kwa DC ikunenera, osati pa fomu ya mabokosi awiri ija, apo ayi a Keziah azidzaitanidwa ku misonkhano mpaka dziko litha. Musasayine pepala limene simunaliwerenge, ndipo ngati Chingerezi chake chapota, kafunseni wodziwa malamulo. Auzeninso anzanu a pakhonde zomwezo. Ambulera tengani tsiku lomwelo, musavomere zoti adzakutumizirani.

A Gwanda musawathamangitse, mlamu ndi mlamu. Itanani ankhoswe muwawerengere kalata ya kwa DC onse akumva. Za mbuzi auzeni akaime pamzere wa ofuna kubwezeredwa, kumbuyo kwa mabanki, ndipo atenge kamba wokwanira. Koma pa chinthu chimodzi akulondola: mlongo wawo watopa. Munthu amene wakolopa ofesi ali moyo n'kupepesa mzinda wonse atamwalira ayenera kupuma. Ambulera ija apatseni iwo azikafunda pobwerera ku Mitundu.

A Abdullah kawauzeni nokha lero kuti mayi wa pafoniyo ndi akazi anu. Musazengereze, chifukwa telala aliyense amayamba wawerenga nyuzipepala asanaidule kukhala patani, ndipo atelala a ku Biwi ogulitsa makina awiri sali ambiri. Adzachita manyazi ndi mawu awo aja. Alekeni achite, amafunika. Kenaka apempheni kuti pa tsiku la msonkhano, musanakweze manja, gulu lonse liimbe nambala ija kamodzi n'kumvetsera mpaka kumapeto popanda wotukwana. Wantchito aliyense amatsanzikidwa, nanji mwini kampani. Bambo uja woyesa kuti ndi mpingo atsogolere nyimbo, wadikira nthawi yaitali.

Chenjezo langa ndi ili. Kaseti si foni. Tepi imatanuka ukamaiika tsiku ndi tsiku, ndipo pomatha chaka akazi anu adzayamba kukoka mawu ngati munthu wochokera kumowa ku Mgona, ndiye mudzalira kawiri. Isungireni masiku akuluakulu: tsiku la ukwati wanu, Khirisimasi, ndi tsiku limene mtima wakana zonse. Masiku enawo, nyamulani kapu yanu mukamwere tiyi pakhonde la a Abdullah makina akulira. Kumeneko shuga akatha, adzakuuzani ndi munthu amene mungathe kumuyankha.

Aphungu.