Galu wa malemu amuna anga akudwala ali pachingwe

Aphungu,

Ndikulemba mtima ukuwawa, ndiye mukaona mawu ena akuthwa mundikhululukile. Ndine mayi wamasiye wa kwa Magodi. Amuna anga a Whiteson atamwalila anandisiyila munda, njinga yokalamba, ndi agalu awili, Kamphepo ndi mwana wake Mathotho. Anthu amandiseka ndikamati agaluwa ndiwo abale anga, koma malilo atatha aliyense anabwelela kwawo, amene anatsala nane pakhomo ndi iwowa. Kamphepo anabwela naye a Whiteson ali kamwana, m'katoni kumbuyo kwa njinga, kuchokela kwa Mphamba. Tsiku loika malilo anatsatila bokosi mpaka kumanda, anthu akumugenda iye osabwelela.

Kamphepo uja ndamukwilila mwezi wathawu, ndipo amene anamupha ndikumudziwa.

Mlamu wanga Evans, mng'ono wa amuna anga, anakwatila mkazi wa ku Kasungu dzina lake Jenala, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana. Nthawi yokolola Kamphepo anadya mazila m'khola la nkhuku zake. Sindikukana, anadyadi. Koma mazila, Aphungu, mazila! Jenala anaima pabwalo manja ali m'chiuno n'kunena kuti, "Amayi akulu, galu wanuyu akadzapondanso kwanga musadzandifunse." Si ine ndekha ndinamva, anthu analipo.

Sipanapite nthawi, Kamphepo anayamba kumangonunkhiza mbale n'kuchokapo. Kenako kusanza, kuwonda, maso n'kusanduka achikasu, chimbudzi chakuda chamagazi. Anazunzika milungu ingapo, galu amene amathamangitsa anyani m'munda akulephela kukwela pakhonde. Anafa mutu uli pamwendo panga.

Nditapita kwa Evans anangokana n'kuti, "Yayi mulamu, musamunamizile munthu. Agalu amadwala." Amadwala! Agalu a pamudzi pano amangotola zakudzala, eni ake sawapatsa ngakhale madzi, koma ali gwa. Anga okha, amene ndimawaphikila, ndiwo adwale? Ine sinditayila agalu makombo ngati enawa. Chaka chino mvula inabwelela chimanga chili pamikukwe, ndipo chambili chinachita chuku, china chakuda china chobiliwila. Ndinakhala pansi n'kusankha mpaka msana kuwawa. Chabwino ndinasunga chathu, choipacho ndinagayitsa pachokha kuti chikhale cha agalu. Ndimawaphikila phala lolimba, lopsa bwinobwino, n'kuthilamo nsinjilo za nshawa zofota zimene ogula amakana, zomwezo zimene ifenso timathila m'ndiwo. Ndani kuno amasamala galu chonchi?

Mphaka wanga ali bwinobwino, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Iye phala sadya, amakagwila makoswe m'nkhokwe ya Jenala, ndiye amuphelenji wantchito wake waulele?

Kamphepo atafa ndinamumanga Mathotho pachingwe pakhonde kuti asatole kanthu kulikonse. Palibe chimene amadya chosachokela m'manja mwanga. Koma taonani, nayenso wayamba kukana chakudya, ndipo maso ayamba chikasu chomwe chija. Ndiye mayiyu amafika nthawi yanji? Ndikakhala kumunda? Pa Sabata kutchalitchi anandigwadila n'kupeleka moni kuti, "Monile amama," ine ndinangoyang'ana kukhoma. Munthu wopanda manyazi!

Anzanga akuti ndimumwetse mafuta ophikila ndi makala osinja. Ndamupatsa kale theka la pilitsi langa la mutu, koma palibe chasintha. Akakana phala ndimamukanula pakamwa n'kumudyetsa ndi supuni kuti asafe ndi njala.

Sindikubisilani, mankhwala a makoswe ndili nawo m'nyumba, ndipo nkhuku za Jenala zimatola pakhomo panga tsiku lililonse. Mathotho akafa, pa zamoyo zimene a Whiteson anagwilapo ndi manja awo sipatsala chilichonse. Ndimupatse chiyani kuti poizoni achoke m'thupi? Nanga mayiyu ndimutengele kuti kuti avomele?

L.Z., Magodi, Lundazi

Amayi L.Z.,

Pepani ndi imfa ya Kamphepo. Amene amakusekaniwo sadziwa mmene pakhomo pamasiye pamakhalila zii. Koma khalani pansi, chifukwa zimene ndikuuzeni simuzikonda. Phala lija musamupatsenso Mathotho, kuyambila lelo lomwe.

Umboni wonse mwaulemba nokha. Agalu a pamudzi sadya phala lanu, ali gwa. Mphaka sadya phala lanu, ali bwinobwino. Awili amene amalidya, wina ali m'dothi, wina akudwala ali pachingwe pomwe Jenala safikapo. Chuku cha m'chimanga ndi m'nshawa chimatha kukhala ndi poizoni amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo galu sachedwa kugonja naye. Kukana chakudya, kusanza, maso achikasu, chimbudzi chamagazi, ndi mmene zimaonekela chiwindi chikamatha. Poizoni ameneyu samva moto. Phala libwate tsiku lonse, iye amakhalamobe. Sindingalumbile ndili patali, pakuti matenda a nkhupakupa nawonso amasandutsa maso chikasu, koma m'kalata yanu yonse palibe choloza kwa Jenala kupatula pakamwa pake poipapo.

Mathotho akufunika dokotala wa ziweto msanga. Pitani naye kwa mlangizi wa ziweto wa m'dela lanu kapena ku ofesi yawo ku boma, mutatenga ufa uja pang'ono ndi nsinjilo m'kapepala, ndipo mukafotokoze zonse monga mwandifotokozela ine, ndi za pilitsi zomwe. Mapilitsi a mutu a anthu amawonjezela moto pachiwindi cha galu, ndipo mphaka amamupha kumene. Mafuta ophikila musamumwetse, angomusanzitsa ndi kumutsamwitsa. Muikileni madzi oyela pafupi nthawi zonse. Akafuna kudya, mupatseni pang'onopang'ono phala la ufa wabwino umene mumadya inuyo, ndi dzila lowilitsa kapena kapenta wotsuka, wopanda mchele. Akakana, musamukakamize.

Ufa wotsalawo, chimanga chachuku ndi nshawa zofotazo mukwilile m'dzenje lakuya kapena muwotche. Musapatse nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe, ndipo musagulitse kwa ophika mowa. Ndikudziwa kuti kutaya chimene munalima ndi thukuta kumapweteka, makamaka chaka chovuta ngati chino. Koma nsinjilo zimenezo zichoke m'ndiwo zanunso, chifukwa chiwindi cha munthu chimawonongeka chimodzimodzi, kungoti chimatenga nthawi. Matumba a chimanga chabwinocho muwayang'anenso, muwayanike, ndipo asakhale pansi penipeni kapena kutsamila khoma.

Mankhwala a makoswe aja muwaike patali, pamwamba. Mukathilila nkhuku, nkhukuzo zidzadyedwa ndi anthu kapena kutoledwa ndi mphaka wanu yemwe, ndipo mlandu umene mukufunila mnzanu udzagwela inu. Jenala analankhula zoipa, ndipo mtima ukakhala pansi mukhoza kumuuza kuti mawu ake anakupwetekani. Koma moni wake muyankhe. Muwachenjezenso iye ndi Evans za chimanga chachuku, pakuti mvula ija sinagwe m'munda mwanu mokha.

Ndikuchenjezeni, amayi, kuti Mathotho akhoza kuchila, akhozanso osachila, ndipo tsiku lililonse limene mukhale mukuzonda nyumba ya Jenala likumuchotsela mwayi. Simunafune kumupweteka, izi ndikuzidziwa. Koma iye ananunkhiza mbale n'kukana, chifukwa cha chingwe analibe pothawila, ndipo atatseka pakamwa munabwela ndi supuni. Mumasuleni. Kagogodeni kwa Evans mumupemphe apalase njinga ya a Whiteson, galuyo ali m'katoni kumbuyo monga anabwelela mayi ake, ndipo musadikile mawa.

Aphungu