Wotchi Yoima Kuseri kwa Nyumba

Lolemba, 3 Juni

Kuzizira kwa pa Kasakula kwayamba. Ana 83 m'kalasi, theka akutsokomola. Ndaweruka mawu atasasa.

A Obed, aphunzitsi anzanga, andilowetsa mu gulu la WhatsApp la osewera bawo pa foni. Anthu 24 a ku Dowa ndi Ntchisi, mkazi ndine ndekha. Sipanathe ola wina walemba kale: "Amadamu asochera, gulu la zophikaphika si lino." Ndayankha ndi kachithunzi koseka. Mumtima ndapsa.

Amalume a Nowa alimonso. Telala wa pa Dzoole, zaka 69, foni anawagulira mwana wawo Maria. Palibe amene wawagonjetsapo m'gululi, ndipo salola kuti tiiwale. Ndi iwo anandiphunzitsa bawo ndili sitandade 4, pakhonde la shopu yawo, amayi akukalipa kuti mtsikana azipita ku madzi.

Lamulo la pa foni: masekondi 30 kuti usunthe nkhomo. Akatha usanasunthe, wagonja.

Lachitatu, 5 Juni

Ndagonja kawiri. Masekondi 30 ndi chiyani? Ukamati uwerenge dzenje lachitatu, wotchi yafiira kale. Wa zophikaphika uja walemba: "Tinanena ife."

Sindinadye bwino. Zopusa, munthu wamkulu ngati ine.

Loweruka, 8 Juni

Chinthu chachilendo. Ndimasewera ndili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala la mbale, pothawa mphepo. Netiweki pamenepo imangobwera n'kuthawa. Wotchi inaima pa 22. Nkhomo zonse zikuoneka, wotchi zii. Ndinaganiza kuti foni yafa. Ndinayang'ana, kuwerenga, kuwerenganso, mwina mphindi zinayi. Nditazungulira kumaso kwa nyumba, wotchi inadzuka: 21, 20. Ndinasuntha. Ndinadya nkhomo khumi ndi ziwiri kamodzi.

Ndayesanso madzulo dzuwa lisanalowe. Chimodzimodzi. Kuseri imaima, kumaso imayenda.

Sindinapange ine. Sindinabe. Netiweki ndi ya kampani, phiri ndi la Mulungu.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndakumba timaenje 32 pansi kuseri kuja, ndathira njere za chimanga. Wotchi ikaima, ndimayala masewero onse pansi, n'kuyesa njira zitatu kapena zinayi, n'kusankha yabwino. Kenako ndimayenda mwaulemu kupita kumaso.

Wa zophikaphika ndamudya katatu motsatizana. Kukoma kwake! Sindibisa, ndavina ndekha pafupi ndi thandala.

Ndafunsa a Obed mozungulira, ngati za munthu wina. Akuti kumbali ya mnzako imangolemba kuti ikudikira netiweki, ndipo aliyense amadziwa kuti ku Ntchisi ndi kumapiri. "Wina ali ndi foni yodula, wina ali ndi maso abwino," anatero. "Aliyense amasewera ndi chomwe ali nacho." Ndagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Koma za timaenje sindinawauze.

Lachisanu, 14 Juni

Ndakumana ndi amalume pa bawo wa pa foni.

Ndinadziuza kuti ndi iwo ndisewera ndili kumaso. Ndinayambadi kumaso. Pofika pakati anali atandipanikiza, ndipo miyendo inangonyamuka yokha. Ndapambana.

Anaimba nthawi yomweyo, akuseka mpaka kutsokomola. "Luckness, lero wandipeza ndikusoka diresi la ukwati, maso anali kwina. Mawa ubwere ndi mpango wopukutira misozi."

Gulu lonse laphulika. Mauthenga 60. Ena akunditchula Namkungwi wa Bawo. Ndawerenga onse kawiri.

Lamulungu, 16 Juni

Dzulo amalume ndinawagonjetsanso. Lero titachoka ku tchalitchi, kawiri. Zinayi tsopano.

Sanaimbe.

Ndikulemba izi ndikuyendayenda, kukhala pansi kukukanika. Pa thabwa lenileni, munthu akachedwa kuwerenga, amalume amagogoda ndi chala n'kunena kuti, "Bawo si samu." Ine ndikuchita samu ya mphindi zisanu ndi chimanga cha nkhuku. Koma kodi ndaphwanya lamulo liti? Lilembedwe pati? A Obed andionetse.

Ndiponso iwo akhala akupambana zaka makumi anayi. Masiku atatu okha akuwawa?

Lachinayi, 20 Juni

Ndalembera eni ake a masewerawa, pa kabokosi kawo ka madandaulo ka pa foni. Ndafotokoza kuti netiweki ikafooka wotchi imaima. Dzina langa sindinaike. Akonze okha, nkhani ithe, ine ndisauze munthu.

Ndamva kupepuka pang'ono. Kenako ndinapita kuseri n'kugonjetsa mnyamata wa ku Mponela. Poti sanakonze.

Ndine munthu wotani ine?

Lachitatu, 26 Juni

Maria waimba pa nthawi ya buleki. Ndinatuluka m'kalasi n'kukaima pansi pa mtengo.

Akuti amalume atuluka m'gulu sabata yatha. Sindinazindikire n'komwe, ndinali kalikiliki kuwerenga zonditamanda. Thabwa lawo la bawo alikweza pamwamba pa kabati. Madoda a pa Dzoole akabwera masana monga mwa nthawi zonse, akumawabweza. Lolemba anadula nsalu ya kasitomala molakwika, koyamba chiyambire, n'kungokhala pa mpando mpaka madzulo.

Amuuza Maria kuti mutu wawo wayamba kutha ngati mmene unathera wa agogo. Agogo aja anafika poiwala dzina la amayi, tinkawatsekera m'nyumba kuopa kuti asochera. Amalume ndi amene ankawasambitsa. Akuti anati: "Mwana uja ankaona njira zimene ine sindinazione n'komwe. Kanayi konse. Si iye wakula, ndine ndatha."

Akufuna kugulitsa makina osokera asanayambe kuononga nsalu za anthu.

Maria anandifunsa ngati ndingawaimbire, ndiwalimbitse mtima. Ndinati inde. Belu linalira. Ndaphunzitsa kugawa manambala osadziwa chomwe ndikunena.

Lachinayi, 27 Juni

Sindinaimbe. Ndatenga foni kasanu.

Ndikaulula, gulu lonse limva. Wa zophikaphika adzalemba chiyani? Kuti mkazi sangapambane popanda chinyengo. Ndipo sadzanena za ine ndekha. Mtsikana aliyense amene adzakhale pa thabwa adzamukumbutsa za amadamu a ku Kasakula.

Ndikapanda kuulula, amalume agulitsa makina.

Ndafotsera timaenje ndi phazi. Nkhuku zatola chimanga. Sizinathandize kanthu.

Loweruka, 29 Juni

Dzoole. Njinga yamoto, minibasi, njinga ina. Fumbi mpaka m'mano.

Ndinawapeza pakhonde la shopu, makina atavindikira ndi chitenje. Achepa thupi. Tepi yoyezera ili m'khosi mwa chizolowezi chabe. Ndinagwada, kuwapatsa moni, kenako ndinanena zonse osapuma: thandala, wotchi, timaenje, chimanga, mphindi zisanu. Ndinalira, ine amene sindilira pamaso pa anthu.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anamwetulira, kumwetulira kumene sindikufuna kudzakuonanso. "Mlongo wanga anakulera bwino," anatero. "Wayenda ulendo wonsewu kudzanamiza wodwala. Maria wakutuma eti?"

Ndinalumbira. Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse. Pa Dzoole netiweki ili tho, yodzaza. Ndinazungulira kuseri kwa shopu, kuchimbudzi, mpaka m'munda mwa eni ake. Wotchi ikungoyenda bwinobwino. Amalume akundiyang'ana ndi chisoni, ngati wodwala ndine.

Ndinakwera pa mpando n'kutsitsa thabwa ndekha. Ndinati tisewere pompano, maso ndi maso. Anakana kawiri, kachitatu analola chifukwa cha Maria.

Ndinasewera ndi mphamvu zanga zonse, Mulungu ndi mboni. Anandidya ngati kale. Mphindi khumi sizinakwane, mzere wanga wakutsogolo uli mbee. Dzanja lawo likuthamanga pa maenje osawerenga n'komwe. Ndinati onani amalume, onani!

Anatolera nkhomo m'kathumba, n'kumanga. "Ngakhale kundisiyira wandisiyira mwaluso," anatero. "Nafenso agogo ako tinkawalola kupambana."

Thabwa analibweza okha pamwamba pa kabati.

Lamulungu, 30 Juni

Sindinapite ku tchalitchi. Ndabwerera ndi minibasi yoyamba.

Ndalemba m'gulu zonse, ndi dzina langa. Wa zophikaphika walemba zomwe ndinkayembekeza, ndi zina zoonjezera. A Obed andichotsa m'mpikisano wa gululi, ndipo akhoza. Sizikundiwawa mmene ndinkaganizira. Uthengawo ndamutumiziranso Maria, wawawerengera amalume. Akuti angopukusa mutu: "Mwanayu mpaka kudziipitsira dzina chifukwa cha ine."

Wogula makina akubwera Lachitatu, wa ku Madisi.

Chatsala chimodzi. Aone ndi maso awo wotchi itaima. Mawa ndibwereka foni ya a Obed, ndijambule vidiyo: ine, thandala, wotchi ili zii, mphindi zisanu zathunthu. Ndikumbanso timaenje aone mmene ndinkachitira. Akaona sangakane. Amalume ndi ouma mutu koma si opusa.

Lolemba, 1 Julayi

Ndaweruka ndi foni ya a Obed m'chikwama. Ndakumba timaenje. Ndayala chimanga.

Potsegula masewera, foni yanga yati ndidikire, ikulowetsa zatsopano. Yamaliza. Pabwera uthenga wa eni ake, wothokoza osewera amene anawadziwitsa za vuto la wotchi. Akuti akonza.

Ndaima pa thandala. Netiweki kadontho kamodzi, monga kale. 30, 29, 28. Ndasunthira ku khola la nkhuku. Ikuyenda. Kuseri kwa bafa. Ikuyenda. Ndakwera pa chulu cha kwa aneba, ndatsikira kudimba, ndabwereranso pa thandala. Ndagonja masewero asanu ndi limodzi osasuntha nkhomo ndi imodzi yomwe, ndikungoyang'ana manambala akutsika.

Maria waimba kawiri. Akufuna kudziwa ngati vidiyo ndatumiza, akuti amalume avomera kuti aionera.

Foni ikuliranso. Ndimuuza kuti chiyani?