Belo Lathu Labwezedwa ku Kanengo

Loweruka, 20 Epulo 1996

Msika wa pa Mitundu. Fumbi lokhalokha. Mchere, parafini theka la botolo, mabatire awiri a wailesi, ndalama yathera pomwepo. Ati kwacha masiku ano ikuyandama. Ine choyandama chimene ndinachionapo mu mtsinje wa Diamphwe ndi mbuzi yakufa.

Aliyense ndi wabizinesi tsopano. Uyu kaunjika, uyu mankhwala a makoswe, uyu mawotchi osayenda. Tonse ogulitsa, wogula ndani? Mavuto wa ku Nathenje, uja ankamata machubu a njinga, lero wapachika sikelo pamtengo, ati amagula fodya. Kundikuwira pagulu: "Madala aKwenda, bweretsani kuno fodyayo, ndalama pompopompo!" Ndamuuza kuti sikelo yakeyo ndi yodwala, akaionetse kuchipatala.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinalima fodya wa bale pa esiteti, dzina pabelo la mwini munda. Matipatewa atimasula, ife a kumudzi tizigulitsa tokha kudzera m'kalabu. Apa pokha ndawomba m'manja. Fodya wanga akalowa ku okushoni ku Kanengo, akagulidwa ndi madola. Pansi pa mtengo ayi.

Lachiwiri, 23 Epulo

Msonkhano wa kalabu ndi mlangizi wa zaulimi. Sindinapite. Kamnyamata kobadwa ine nditayamba kale kusankha fodya kandiphunzitse kakonzedwe ka belo? Davide, mlembi wathu, mphunzitsi wa papulayimale, anadzera pano. Ati: "Madala, pali malamulo atsopano a ogula, mukanamva nawo." Ndamuuza akaphunzitse ana ake zana aja okhala pansi pa mtengo umodzi. Sukulu yaulere. Ine pabenchi sindinakhalepo, zilembo ndinatolera pa mabelo ndi m'buku la nyimbo, koma kalabu yonse wosankha fodya inasankha ine. Tsamba ndimalidziwa ndi chala.

Feteleza wakweranso. Boma linachotsa dzanja lake, ati msika udziweruze wokha. Msika uli ndi mfumu? Ineyo ndinati poti ndalipira chonchi, ndidya ndi thumba lomwe. Luzi kulibe, mitengo ya mombo yonse inakwera njinga kupita ku Lilongwe itasanduka makala. Chingwe cha m'sitolo, mtengo wa nkhuku. Ndiye mwezi wa Febuluwale ndinasolola ulusi wa matumba a feteleza, n'kusokera fodya yense wokayanika m'chigafa. Woyera, wolimba, chiswe sichiudya, waulere. Pa zonse zamakono, chanzeru ndi chimenechi basi.

Mkazi wanga Felesiya ati ndikanapitabe kumsonkhanoko. Iye amakonda misonkhano.

Lachinayi, 2 Meyi

Tadinda mabelo. Jeke yobwereka, amuna anayi, thukuta. Fodya wanga wa giredi yabwino sanakwane belo, wa mlamu wanga Enifa chimodzimodzi, ndiye taphatikiza. Mamuna wake, mng'ono wanga, anatisiya chaka chatha. Wasiyira mkazi ana anayi ndi nkhokwe yofika m'mawondo. Belo ili ndilo chimanga chake, ndipo kalabu ndiyo njira yake yokha yopezera feteleza.

Mlamuyu pakamwa ndiye sanaferedwe. Pokweza pa lole akuti: "Alamu, madola anuwo mukagule chipewa china. Ichi nkhuku zikufuna kuikiramo." Ndamuyankha kuti chipewa ichi chinaona azungu asanu a esiteti akubwera n'kupita.

Dzina langa pachiguduli cha belo ndalemba ndekha. Zilembo zazikulu. Ndinaima kuyang'ana lole mpaka fumbi litatha.

Lolemba, 20 Meyi

Zii. Ati ku Kanengo malole ali pamzere kuyambira kumsewu, ena sabata ziwiri.

Felesiya wabwerako kuchigayo cha magetsi ndi chimanga chake chosagaya, magetsi anathima m'mawa. Chigayo cha dizilo chija anachiseka, koma chinkangofuna mafuta ndi kutukwanidwa pang'ono, n'kuliza. Moto woyenda m'waya, mwini wake sumudziwa, ukadandaula kwa yani?

Davide wapalasa njinga mpaka ku Nathenje kukaimba foni, kufunsa za mabelo. Walipira ndalama kuti amve mawu akuti "dikirani". Amenewo ndikanamuuza ine mwaulere.

Dola akuti ndi makwacha khumi ndi asanu. Ndikagula malata asanu ndi atatu. Chipewa mwina.

Lachisanu, 7 Juni

Mabelo asanu ndi limodzi agulidwa. Limodzi labwezedwa. Lathu.

Davide wawerenga kapepala pamaso pa onse. Ogula anapezamo pulasitiki, tiulusi ta matumba totsalira kumapesi. Ati fodya wotere akafika kufakitale, pulasitikiyo amapsera limodzi mu ndudu, ndiye akangoona kamodzi, belo lonse kunja. Ndi zimene mlangizi ananena tsiku lija, kuti aliyense wosokera ulusi wa thumba achotse kamodzikamodzi asanamange fodya m'ndindi. Kalabu ikabwezedwanso kawiri, nambala yathu yogulitsira ku okushoni ili pamoto.

Ine pomasula fodya m'chigafa ndinkangodula ulusiwo ndi mpeni, totsalirato ndinkati n'tachabe.

Palibe anayang'ana kwa ine. Onse maso kwa Enifa. Wina akuti: "Ndi vuto la munda wopanda mamuna." Wina akuti: "AKwenda sangachite zotere, anabadwira m'fodya amenewa." Ndinakhosomola. Basi, kukhosomola kokha. Agwirizana kuti Lachitatu adzamufufute m'buku la kalabu. Iye anangoweramitsa mutu, n'kumakonza mpango.

Loweruka, 8 Juni

Kumsika sindinapite. Mutu.

Lamlungu, 9 Juni

Kutchalitchi nyimbo zonse zinali zazitali.

Felesiya chiyambire Lachisanu mawu ake ndi amodzi: "Bambo, matumba aja ndinakugwirirani ndine posolola." Madzi osamba akungoika pakhomo la bafa osaitana.

Ndaganiza. Bwanji ogulawo sananene kale? Bwanji opanga feteleza amaika m'thumba loletsedwa? Ufulu wa msika uwu, wogula ali kutsidya la nyanja, malamulo ake akutipeza m'chigafa. Ndalemba zifukwa zinayi. Ndawerenga. Palibe chimene chikuchotsa ulusi m'belo.

Mavuto wamva kale. Watumiza mawu kuti belo lobwezedwa iye amatenga pa theka la mtengo, mafunso palibe. Fisi amamva fungo patali. Ndikanamugulitsa, nkhani ikanafera pomwepo, belo osatsegulidwa. Enifa theka la chimanga, kalabu palibe. Ine chipewa chili pamutu.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndapita kwa mlamu, ati kukaona mbuzi yodwala. Ndinamupeza akutongola chimanga. Ndazungulira, za mvula, za mtengo wa sopo. Iye osandithandiza. Kenako akuti: "Alamu, mbuzi ili bwino. Fodya wanga ndinasokera khonje, ndinapala ndekha manja mpaka kutupa. Chigafa chanu ndinkachiona chikuyera mbuu ngati ukwati."

Ndiye ankadziwa! Ndamufunsa chimene anakhalira chete. Ati: "Ana anga malume awo ali kutali, bambo watsala ndi inu. Ndikakuvulani pagulu, adzawakhalira pamilandu ndani?"

Anandipatsa mbatata. Ndinabwera nayo kunyumba osaidya.

Lachitatu, 12 Juni

Ndanena.

Davide atangotsegula buku ndinaimirira. Ndati ulusi ndi wanga, mpeni wanga, kusamva kwanga. Ndinafuna kuwonjezera za opanga matumba, Felesiya anandiyang'ana kuchokera kumbali ya amayi, ndakhala pansi. Kenako mkulu mnzanga wina anaseka mpaka kutsokomola: "Nyani wokalamba wagwa mumtengo wa pakhomo pake!" Onse gwa kuseka. Ndinasekako pang'ono, mano okha.

Chigamulo. Enifa akhala m'kalabu. Belo timasule, ndindi iliyonse, tsamba lililonse, ntchito yanga. Ulendo wachiwiri wa lole, ndilipire ndi mbuzi yanga. Udindo wosankha fodya andilanda. Apatsa yani? Enifa. Ati khonje lake laonetsa kuti amamva.

Malata asanu ndi atatu atsika, mwina anayi.

Lolemba, 17 Juni

Tsiku lachinayi pamphasa. Maso akuwawa, msana ngati wa ngolo. Tiulusi tadzaza chitini cha parafini. Felesiya wayambanso kulankhula, mochuluka.

Lamulo la kalabu, ndikatha mulu ndizipita nawo kwa wosankha fodya wa kalabu akauone. Ine, Kwenda, kunyamula fodya pamutu kudutsa mudzi wonse, ana akulonjera. Mlamu wakhala pampando wa malemu mng'ono wanga, mwendo pa unzake, akutembenuza tsamba pang'onopang'ono ngati dokotala. Akuti: "Mwayesetsa, alamu. Mukapitiriza chonchi mudzakhala mlimi."

Wandibwezera ndindi zitatu. Ziwiri zinalidi ndi ulusi, ndavomera. Yachitatuyo ilibe kanthu, ndaiyang'ana padzuwa kanayi, wangofuna kundiyendetsa. Mawa m'mamawa ndikupita nayo yomweyo osaikhudza, tione ngati aibwezenso.