Akumba Maluwa Anu, Amayi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Thambani tilipo ndithu. Mng'ono wanga Esinati anachira mu Epulo, mwana wamkazi, makutu ake ndi anu enieni. Chimanga chakanika poti makuponi a feteleza anabwera mochedwa, koma nandolo akuoneka bwino, ndipo manachesi abereka mpaka nthambi kuthyoka.

Koma sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za nandolo. Maluwa anu aja akumbidwa.

Ndikunena aatali aja a kuseri kwa khitchini, amene munkawatcha mchira wa nkhandwe, omwe anakusiyirani posamuka anesi aja munkawachapira ku Boma. Ndinalipo tsiku lomwe munkabzala. Munaunjika mchenga wa kumtsinje, n'kukhazika mizu pamwamba moyala ngati zala, uku mukundiletsa kuigwira chifukwa siichedwa kuthyoka. Zaka zitatu anangotulutsa masamba okha, anthu n'kumakusekani kuti mukuweta anyezi wosadyedwa. Chaka chachinayi anatalika kuposa msinkhu wanu, achikasu, njuchi zosachokapo, ndipo oseka omwe aja ndi amene ankabwera kudzajambulitsa pamenepo.

Mukudziwa kuti maluwa akatha masamba amauma, pamalopo n'kuoneka ngati palibe kanthu. Munkati, "Akagona musawadzutse, ndipo musawathirire." Ine ndinazika timitengo kuzungulira, monga munkachitira.

Loweruka lapitali ndinapita kumsika. Pobwera ndinapeza utsi kuseri, anthu atadzaza. Alamu anga, amuna a Esinati, anazula timitengo tija kuti abzalepo tomato, osafunsa munthu. Khasu litatukula mizu, anaiona itatambalala ngati kangaude wamkulu, basi n'kuyamba kukuwa kuti apeza chizimba. Akuti n'chimene chikutsokomoletsa khanda lawo. Akuti munakwirira ndinu. Anaiunjika n'kuikolezera moto.

Inu, Amayi! Inu amene munamulandira munthu ameneyu atabwera ndi kajumbo kamodzi ka zovala, n'kumupatsa dimba lanu lomwe? Chaka sichinathe chikuikireni m'manda, akukutchulani mfiti pakhomo panu pomwe.

Wandipweteka kwambiri ndi Esinati. Anangoima pakhonde, mwana kumsana, maso pansi, osawaletsa amuna akewo. Chikhalirecho pa chinkhoswe chake anajambulitsa pakati pa maluwa omwewo.

Sindikubisirani, ndinalankhula mawu oti kutchalitchi sangamveke. Kenako ndinalowa m'nyumba mwawo, kutsitsa chithunzi cha chinkhoswecho pakhoma, n'kuonetsa aliyense: alamu akumwetulira mano onse panja, dzanja litagwira duwa lomwelo. Ena anaseka, ena anangozemba. Alamu sanapepese.

Lolemba ndinatenga Esinati ndi khanda kupita kuchipatala. Adokotala anati ndi chibayo chongoyamba kumene, anapereka mankhwala, pano mwana akuyamwa bwinobwino. Koma alamu akuuza anthu kumsika kuti wachira chifukwa iwo anawotcha mizu. Tamvani zimenezo!

Pa mizu isanu ndi inayi ija ndinalanditsapo iwiri, ndinachita kuitola pamoto ndi manja. Umodzi wapsa mbali, sindikudziwa ngati udzaphuke. Winawo wathyoka zala zitatu koma mutu wake uli bwino. Ndawaza phulusa pamabala, ndaisunga mumchenga wouma m'beseni lanu lakale lija.

Lamulungu likubwerali ndaitanitsa amalume ndi ankhoswe a mbali zonse. Za tomato ndi za maluwa tikhoza kukambirana. Koma mawu aja alamu akawabweze ndi pakamwa pawo, pamaso pa anthu omwewo amene anawamva, Esinati ali pomwepo. Maluwa ndikhoza kuwadikira zaka zina zitatu, koma dzina lanu sindilola kuti ligone m'matope sabata ina.

Ndikulonjezani zimenezi, Amayi, ndipo mukundidziwa kuti ndikagwira sindisiya. Apatseni moni ababa.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Felista