Anamzeze Afika ku Chongoni

Wokondedwa mphwanga Yohane,

Landira moni wochokera kuno kumapiri. Amayi chifuwa chija chawaleka, ndipo akazi ako, alamu anga a Naphiri, ali bwino, abzala kale chimanga.

Loweruka lapitali abambo a kumishoni anatitenga aphunzitsife kukaona mbalame kunkhalango, monga amachitira. Wotitsogolera anali a Chisale, amalume a akazi ako, pakuti tinjira ta alenje amatidziwa. Ukudziwa kuti iwowa akhala akunena kuti ukwati wako uthe, poti wasanduka mtchona ku Halaleko. Njira yonse sanandiyankhule.

Titafika padambo tinapeza anamzeze ambirimbiri. Abambo anapatsa a Chisale magalasi oonera patali, nafotokoza kuti anamzeze a khosi lofiirawa amachokera ku Ulaya, kuthawa chisanu, ndipo amafika ndi mvula chaka chilichonse.

A Chisale anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, kambalame aka kalibe mkazi kuno, kalibe munda, koma njira sikaiwala. Nanga kwa mphwanuyo Halale yatalika kuposa Ulaya?"

Pobwerera anandigwira dzanja nati, "Mwana wathu akuwonda ndi maganizo, n'chifukwa chake ndimakalipa. Zothetsa ukwatizo ndidikira mpaka mbalamezi zitachoka."

Zimachoka chimanga chikakhwima, mphwanga. Alamu ndinawauza, ndipo tsopano m'mawa uliwonse amayamba ayang'ana kumwamba asanagwire khasu. Chonde nyamuka. Usavutike ndi mphatso, ungobwera iweyo.

Mulungu akusunge panjira yonse.

Ndine mkulu wako,
Petulo