Mzere wa Madzi pa Khoma

Cape Girardeau, Missouri
12 Meyi

Okondedwa Azakhali a Verna,

Ndikhulupirira muli bwino ku Arizona kotenthako, ndipo bondo lija lasiya kuvuta. Kuno tilipo, mvula yokha ndiyo yanyanya.

Loweruka ndinatenga alongo anu, bambo anga, kukayenda m'tauni yakale monga timachitira chaka chilichonse. Tinakwera masitepe a khoti lakale lija, iwo patsogolo, ine wefuwefu m'mbuyo. Kenako tinatsikira ku khoma lotchinga mtsinje wa Mississippi, paja amalembapo mizere yosonyeza pomwe madzi osefukira analekeza.

Mukuwadziwa bambo akafika pa mzere wa 1993. Anaikapo dzanja n'kuyamba kufotokozera alendo ena a ku Ohio momwe ankathirira mchenga m'matumba otchingira madzi sabata ziwiri zathunthu. Sanaphonye kanthu, ngakhale dzina la galu wa aneba athu amene anathawira padenga. Mlendo wina anati, "Madala, inu ndiye buku lenileni!" Tonse tinaseka.

Alendowo atachoka, bambo anatembenukira kwa ine n'kuvula chipewa. "Zikomo mayi, mwatiyendetsa bwino. Kodi kwanu n'konkuno?"

Ndinangoti, "Eya, n'konkuno." Tili m'galimoto anayambanso kunditchula dzina ngati palibe chachitika. Mwina kunali kutopa chabe. Adokotala akuti tikawaone Lachinayi.

Mbewu za maluwa munatumiza zija zamera bwino. Munanena zobwera pa Khirisimasi, koma ngati n'kotheka bwerani mu Juni. Dzina lanu bambo akulitchulabe.

Ndine mwana wanu,
Noreen