Kabotolo ka Chithunzi cha Galu

Lolemba, 3 Novembala

Sönke, mwamuna amene ndinkakhala naye, wabweranso. Tsidya la msewu, moyang'anizana ndi shopu ya nsomba yomwe ndimagwirako ntchito, manja m'thumba. Osalankhula, osayandikira. Kungoima basi. Ndinamuthamangitsa m'nyumba mwanga kalekale, koma mutu wake sunamvebe. Apolisi akuti kuima pamsewu si mlandu. Gesa, mnzanga wa kuntchito, akuti ndigule kabotolo kopopera tsabola m'maso. Ine amene ndimalephera kupha ngakhale kangaude. Ndatopa.

Lachinayi, 6 Novembala

Kusitolo ya alenje. Mdala wogulitsa ananditulutsira mitundu iwiri. Wina umatuluka ngati nkhungu, sufuna kuloza. Winawo umapita mowongoka ngati madzi a m'paipi, koma dzanja lizikhala lokhazikika. Mawu ake: "Kuno ku Husum, m'mphepete mwa nyanja, mwini mudzi ndi mphepo, mayi. Wa nkhunguwu ukabwerera, wolira mudzakhala inuyo."

Ndinatengabe wa nkhungu. Ndikaona Sönke manja anga amanjenjemera, ndingaloze chiyani?

Pakabotolopo ajambulapo galu wotulutsa mano, poti amatigulitsa ngati tothamangitsira nyama. Mdalayo sanafunse n'komwe kuti galuyo ndi wa ndani. Zikuoneka kuti sindine mzimayi woyamba.

Lamulungu, 9 Novembala

Kunyamula kwake ndi ntchito pakeyake. M'chikwama kamamira pansi pa makiyi ndi mapepala. Ndasankha thumba lakumanja la chikhoti chamvula. Ndi magolovesi chala sichipeza podina, choncho dzanja limodzi liziyenda lamaliseche, kuzizira konseku.

Wiebke anandipeza ndikuyeserera kukatulutsa m'khitchini. Mwana wanga wa zaka khumi ndi zisanu, maso ngati a woweruza. Ndinati ndi kothamangitsira galu wa aneba. Iye: "Amayi, kagalu kaja kalibe ndi mano omwe." Ndinaseka, iye sanaseke. Sönke si bambo ake, koma anakhala naye nyumba imodzi zaka zinayi. Amamudziwa bwino. Nkhani yake sitiikamba.

Lachisanu, 14 Novembala

Sabata yonse osamuona Sönke. Gesa akuti watopa, amuna oterewa sapirira mvula. Ndagona tulo teniteni koyamba chiyambire mwezi uno. Ndagula keke ya maapozi. Kunja kwauma, chikhoti chili pa msomali, sindinachikhudze.

Lachiwiri, 18 Novembala

Nsomba zinafika mochedwa, makasitomala aukali, mapazi akuwawa. Fungo silikuchoka m'zala.

Wiebke wabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu, mamina chuchuchu, akutsokomola. "Ndi mphepo, amayi, ndinali pa njinga." Molunjika kubafa. Madzi anathamanga nthawi yaitali. Chakudya sanadye. Ndinamupangira tiyi wa chimfine, ine n'kukagona pa sofa. Sindinafunse zambiri. Mphamvu zake ndinalibe.

Lachitatu, 19 Novembala

Mvula. Lero ndilowa ntchito masana. Ndavala chikhoti, dzanja m'thumba, mulibe kanthu. Ndafufuza m'chikwama, m'madirowa, pansi pa sofa.

Jekete la Wiebke lili kuseri kwa chitseko cha bafa, mkono wake wonyowa ngati anayesa kuuchapa. Nditalinyamula ndayetsemula mpaka misozi. Kabotolo kali m'thumba mwake. Ndakagwedeza. Kapepuka.

Ndakhala pansi pomwepo, pa simenti yozizira.

Ndiye kuti Sönke sanatope. Anangosintha msewu. Ine ndikudya keke, iye ataima pa geti la sukulu. Kuyambira liti? Anamuyandikira bwanji kuti mwana afike podina? Ndipo mwanayo osandiuza, poona kuti amayi ake ayamba kugona tulo. Zikundiwawa kuposa mantha. Wa nkhungu ndinasankha ndine, ndipo wabwerera m'maso mwa mwana wanga, monga ananenera mdala uja.

Lero Wiebke wavala jekete lina. Wapita chimanjamanja.

Foni yake sakuyankha, ali m'kalasi. Ndauza Gesa kuti agulitse yekha. Apolisi ndiwaimbira ndili m'njira yopita kusukuluko, anene okha ngati apanso si mlandu. Kabotolo katsala pang'ono, koma kalipo. Magolovesi ndasiya pa tebulo.

Mphepo ikuchokera kunyanja. Ndikaima mbali imeneyo, izikandiomba kumsana.